Kodi ndalama za pa intanetizi zikuchiza matenda anji?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipemphe kadanga m'nyuzipepala yanu yokondedwayi kuti nanenso ndiikepo mlomo pa nkhani imene yatenga malo m'maminibasi, m'mabawa ngakhalenso pakhomo la tchalitchi anthu akamatuluka m'mapemphero. Ndikunena nkhani ya ndalama za pa intaneti zimene eni ake amazitcha cryptocurrency, makamaka iyi yatchuka kwambiri ya bitcoin. Ndikudziwa kuti kalatayi yatalika kupyola muyeso wanu, koma chonde musaidule chifukwa ikukhudza matumba a anthu osauka.

Wandilembetsa kalatayi ndi mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu adamaliza maphunziro a ukachenjede zaka zitatu zapitazo koma ntchito sanaipezebe, monga anzake ambirimbiri. Mwezi wathawu anafika kunyumba kwanga Loweruka m'mawa, foni ili m'manja, nkhope ikuwala ngati waitanidwa kukayamba ntchito. Titalonjerana ndi kumwa tiyi anati: "Amalume, mundibwerekeko K400,000 pa ndalama zanu za penshoni zija. Pofika Khirisimasi ndidzakubwezerani K800,000." Nditafunsa kuti ndi geni yanji yobereka chotero, anandionetsa mizere yofiira ndi yobiriwira pafoni paja, ikukwera ndi kutsika ngati mapiri a ku Dedza, nati ndalama za mawa ndi zimenezi, ife achikulire tikungogona tulo.

Ine sindinamukalipire ayi. Ndinangomufunsa funso limodzi limene ndikufuna kufunsanso awerengi anzanga: kodi ndalama imeneyi ikuchiza matenda anji?

Mnyamatayo ndi wophunzira ndipo anayankha bwino. Anati kwacha ikusungunuka ngati mchere wogwera m'madzi. Apa sananame, pakuti tonse tikukumbuka kuti mu May 2022 idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenaka mu November 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, mwakuti dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 idadzuka ili pa K1,700. Anati ukapita kubanki kukafuna ndalama zakunja amakuuza kuti ubwere mawa, mawa lake losafika. Anati abale athu ali ku Joni akamatumiza kangachepe kumudzi amadulidwa zambiri panjira. Anatinso anthu ambiri akumudzi alibe buku la kubanki. Zonsezi nzoona, a Mkonzi, ndipo inenso zimandiwawa. Matenda anawatchula bwino lomwe. Pamene tinasiyana maganizo ndi pa mankhwala ake.

Kwa awerengi amene angomva dzina lokha, ndifotokoze pang'ono. Bitcoin idayamba mu 2009, ndipo woiyambitsa adadzitcha Satoshi Nakamoto, munthu amene mpaka lero palibe adamuona nkhope. Palibe pepala kapena chitsulo choti nkugwira m'manja. Chimene chilipo ndi buku lalikulu longa lija amasunga mlembi wa banki m'khonde, lolembedwamo kuti uje wapatsa uje zakutizakuti. Kusiyana kwake nkwakuti bukuli silisungidwa ndi mlembi mmodzi. Makompyuta zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana ali nalo buku lomwelo, ndipo pafupifupi mphindi 10 zilizonse makina amphamvu amapikisana kuti alembe tsamba lotsatira ndani. Wopambana amalipidwa ndi bitcoin yatsopano. Mpikisano umenewu ndiwo amautcha kukumba, ngati kuti ndi mgodi, ndipo umadya magetsi ochuluka kuposa amene Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amagwiritsa ntchito mutawaphatikiza pamodzi. Cholinga cha zonsezi nchimodzi basi: kuti pakati pa wopereka ndi wolandira pasakhale boma, banki kapena bwana wina aliyense. Kuti adaganiza mozama amene adapanga zimenezi, ine sindikukana.

Koma mwamwayi sitikufunika kukangana za kumaloto, chifukwa lilipo dziko limene lidayesa mankhwalawa pa anthu ake enieni. Dzikoli ndi El Salvador, la ku Central America, la anthu pafupifupi 6 miliyoni. Ndalisankha dala chifukwa ena mwa matenda ake ndi ofanana ndi athu. Anthu ake ambiri adathawira ku United States kukafuna maganyu monga mmene athu amathawira ku Joni, ndipo ndalama zimene amatumiza kwawo zimaposa gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chonse cha dzikolo. Anthu 7 mwa 10 aliwonse adalibe buku la kubanki. Ngati pali malo pamene bitcoin ikadaonetsa mphamvu zake, ndi pamenepo.

Mu June 2021 mtsogoleri wa dzikolo, a Nayib Bukele, adalengeza pa msonkhano wa okonda bitcoin mu mzinda wa Miami kuti dziko lawo likhala loyamba pa dziko lonse lapansi kuvomereza bitcoin ngati ndalama ya boma. Nyumba ya Malamulo idavomereza patangopita masiku ochepa, ndipo lamulolo lidayamba kugwira ntchito pa 7 September 2021. Taonani mmene boma lidalimbikira. Lidalamula kuti wamalonda aliyense amene ali ndi zipangizo zake azilandira bitcoin. Lidapanga chikwama cha pa foni chotchedwa Chivo, ndipo nzika iliyonse yolembetsa inkapatsidwa bitcoin ya madola 30 yaulere. Lidaika makina otapira ndalama pafupifupi 200 m'dziko lonse. A Bukele adalonjeza kuti anthu awo apulumutsa madola 400 miliyoni chaka chilichonse, ndalama zimene zinkapita kwa makampani otumiza ndalama. Mu November chaka chomwecho adalonjezanso mzinda watsopano wotchedwa Bitcoin City, patsinde pa phiri lophulika moto la Conchagua, mzinda umene mpaka lero udakali pa zithunzi.

Nanga zidatha bwanji? Tsiku loyamba lomwelo chikwama cha Chivo chidavuta kutsegula ndipo mtengo wa bitcoin udagwa ndithu. Patangotha sabata imodzi anthu okwiya adatentha makina amodzi otapira ndalama aja mu likulu la San Salvador. Ena atapita kukalembetsa adapeza kuti akathyali adalembetsa kale m'maina awo nkudya madola 30 aja. Koma izi tingati ndi zovuta za poyamba, mwana sayenda tsiku limene wabadwa. Chachikulu ndi chimene chidachitika fumbi litakhazikika. Akatswiri a zachuma atafufuza mu 2022 adapeza kuti ambiri mwa amene adalembetsa Chivo adangodya madola 30 aja nkusiya pomwepo. Banki yaikulu ya dzikolo, m'malipoti ake omwe, idaonetsa kuti mwa madola 100 aliwonse otumizidwa ndi abale akunja, odzera m'zikwama za crypto sankafika ngakhale madola awiri. Kafukufuku wa yunivesite ina ya konko adapeza kuti m'chaka cha 2024 anthu 9 mwa 10 aliwonse sadaigwiritse ntchito bitcoin ngakhale kamodzi. Mwini wake a Bukele adavomera polankhula ndi magazini ya Time mu August 2024 kuti anthu sadailandire monga mmene iwo ankayembekezera. Pamapeto pake boma litafuna ngongole ya madola 1.4 biliyoni ku bungwe la IMF, Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo lija mu January 2025: wamalonda sakakamizidwanso kulandira bitcoin, ndipo msonkho sulipiridwanso ndi bitcoin.

A Mkonzi, tiyeni tiganizepo bwino apa. Munthu wanjala sakakamizidwa kudya nsima. Ngati anthu osauka, opatsidwa ndalama yaulere, olamulidwa ndi lamulo, oikiridwa makina pakhomo, adabwerera okha ku njira zawo zakale, ndiye kuti chinthucho sichidawachize pamene pankawawa. Ndipo musati ndi umbuli. Mayi wogulitsa zitumbuwa amadziwa masamu a phindu lake kuposa ife ovala mataye. Ngati wagulitsa za K20,000 lero, mawa m'mawa akufuna apeze K20,000 yomweyo yoti akagulire ufa ndi mafuta. Tsono bitcoin imene mu November 2021 inali pafupifupi madola 69,000 idafika pa madola 16,000 mu November 2022. Magawo atatu mwa anayi adapita ndi mphepo m'chaka chimodzi. Kwacha yathu timainyozayi sidagwepo chotero m'chaka chimodzi pa zaka zonsezi takhala tikuilira. Kuthawa kwacha nkuthawira kumeneko ndi kuthawa mvula nkukabisala mu mtsinje.

Mwana wa mlongo wanga apa anadumpha. "Koma amalume, idakweranso! Mu December 2024 idapyola madola 100,000, ndipo bitcoin imene boma la El Salvador lidagula idapindula!" Zoonadi idakwera, ndipo alipo anthu amene alemera nayo, sindingabise. Koma tamverani mmene nkhani yasinthira. Tinayamba ndi ndalama yothandiza osauka kugula ndi kugulitsa, tsopano tikukamba za chinthu chogula lero kuti udzagulitse mawa kwa wina pa mtengo wokwera. Ukagula ng'ombe imabereka ndipo imakupatsa mkaka. Ukagula masheya a kampani ya shuga, kuseri kwake kuli minda ya nzimbe ndi fakitale, ndipo phindu limachokera ku shuga amene tikumwera tiyi. Nanga bitcoin imabereka chiyani? Phindu lako lonse limachokera m'thumba la munthu wobwera pambuyo pako. Kwathu kuno chinthu chotero tili nalo kale dzina lake, ndi njuga. Wotchova njuga akapambana sitinena kuti njuga yathetsa umphawi m'dziko. Ndipo mtsogoleri wotchova njuga ndi misonkho ya anthu, ngakhale apambane, ine sindingamuombere m'manja.

Muno mu Africa namonso chidayesedwa. Dziko la Central African Republic, pansi pa a Faustin-Archange Touadéra, lidavomereza bitcoin mu April 2022, m'dziko limene munthu mmodzi yekha mwa 10 ndiye ankafikira intaneti. Chaka chisanathe, mu March 2023, adabweza lamulolo.

Tsopano ndibwere kwathu kuno, pa nkhani ya ndalama zakunja, chifukwa apa ndi pamene achinyamata athu ali ndi mfundo yooneka ngati yolimba. Amati iwalani bitcoin, pali ina yotchedwa USDT imene mtengo wake sugwedera, imodzi ndi dola imodzi nthawi zonse, ndipo amalonda ena akuitanitsira katundu ku China ndi ku Dubai kudzera m'menemo osapita kukagwada kubanki. Kuti ena akutero ndikuvomera, ndipo ndikumvetsa chimene chikuwakankha. Koma tiyeni tiitchule ndi dzina lake. Imeneyo si ndalama yatsopano ayi, ndi dola yomweyo ya ku America itavala malaya ena. Ili ndi mwini wake, kampani yotchedwa Tether, imene imalonjeza kuti ikusunga chuma chokwanira kuseri kwa USDT iliyonse, ndipo kampaniyo ili ndi mphamvu yotseka ndalama za munthu ikafuna. Ndiye bwana uja tinkamuthawa wabwereranso pakhomo lakuseri, koma ulendo uno ndi bwana amene ofesi yake simungaipeze ku Limbe kapena ku Lilongwe.

Komanso funsani kuti USDT imeneyo muigula kwa yani, pa mtengo wanji. Muigula kwa munthu amene ali ndi madola, ndipo adzakutchajani mtengo womwe uja wa mavenda a ndalama oima m'makona a m'tauni, osati wa kubanki. Palibe dola ngakhale imodzi imene yawonjezeka m'dziko muno chifukwa cha foni. Madola akusowa chifukwa katundu amene timagula kunja, mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala, ngakhale timitengo totokosera m'mano, amaposa kawiri konse zimene timagulitsa kunja, fodya, tiyi, shuga ndi nyemba zathu zija. Bowo lili pamenepo. Foni ikhoza kusintha amene afike msanga pa chitsime, koma siingathire madzi m'chitsimemo.

Za anthu akumudzi opanda buku la kubanki, vuto limenelo lidapeza kale mankhwala ena, ndipo sadachokere kwa Satoshi. Ku Kenya M-Pesa idayamba mu 2007, ndipo kuno tili ndi Airtel Money ndi Mpamba. Agogo a ku Nthalire kapena ku Makhanga amalandira ndalama pa kafoni ka mabatani, kosafuna intaneti, nkukatapa kwa ejenti wa pa sitolo. Palibe lamulo lidawakakamiza, palibe adawahonga madola 30. Anthu adathamangira okha chifukwa chidawachiza pamene pankawawa. Inde amatidula zambiri potumiza ndi potapa, msonkho nawo uli pomwepo, ndipo nkhani imeneyo ndidzailembera kalata yakeyake. Koma wodwala akapeza mankhwala okwera mtengo amalimbana ndi mtengowo, sataya mankhwalawo nkukamwa osadziwika.

Pali chinanso chimene okonda crypto amachitama koma ine chimandiopsa. Amati ndalama ikapita yapita, palibe angaibweze. Kodi ndi ubwino umenewo? Tonsefe tidalakwitsapo nambala potumiza ndalama pa foni, mtima nkugunda. Koma umadziwa kuti pali nambala yoti uimbe, pali ofesi yoti ukadandaule, pali polisi ndi khoti. Kwa bitcoin ukatumiza kwa munthu wolakwika, kapena mbava ikakunyengerera, kapena ukaiwala mawu achinsinsi otsegulira chikwama chako, ndiye kuti zako zada. Ukamwalira usadauze munthu mawuwo, ana ako adzangoyang'ana foni, chuma cha masiye chitatsekeredwa m'mwamba. Munthu wapakati uja amene akuti tim'chotse ndi yemweyo amene timathamangirako zinthu zikavuta.

Nchifukwa chake akathyali aikonda nkhaniyi ngati ntchentche pa chilonda. Sindipita kutali. Ku Joni komweko kudali kampani yotchedwa Mirror Trading International ya a Johann Steynberg, imene inkalonjeza phindu la pafupifupi 10 peresenti mwezi uliwonse kwa oika bitcoin, ndi mphoto kwa wobweretsa anzake. Mu December 2020 idagwa, mwini wake nkuthawira ku Brazil kumene adakagwidwa patatha chaka. Akuluakulu a boma la America adati bitcoin imene idalowa mmenemo inali yoposa madola 1.7 biliyoni. Mwina wina anena kuti amenewo adali akuba wamba. Nanga FTX, umodzi mwa misika ikuluikulu ya crypto pa dziko lonse, umene unkatamidwa ndi akatswiri a masewero ndi a mafilimu? Udagwa mu November 2022 zitadziwika kuti ndalama za makasitomala zinkatengedwa mwakachetechete, ndipo mwini wake a Sam Bankman-Fried adalamulidwa mu March 2024 kukakhala kundende zaka 25. Ngati Azungu okhala ndi maloya awo adalira chotero, nanga mphunzitsi wa pulayimale wa ku Chiradzulu amene waikamo ngongole ya katapila adzalirira kuti? Chikomekome cha mkuyu, akulu adanena kale.

Kuti ndisaoneke wokondera, nditchule chimodzi chimene ndachiona kuti chili ndi mutu. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kuli magetsi a m'mudzi opangidwa ndi madzi a mumtsinje, ndipo kampani ina idaikako makina okumba bitcoin kuti azigula magetsi otsala amene anthu sakuwagwiritsa ntchito, makamaka usiku. Ndalamayo imathandiza kuyendetsa ntchito ya magetsiwo. Zimenezo nzabwino ndithu. Komabe chimene chawalitsa nyumba za ku Bondo ndi mtsinje ndi makina opukusa magetsi. Bitcoin yangokhala kasitomala, ndipo tsiku limene kudzabwere zigayo zokwanira, fakitale yokonza zipatso kapena malo oziziritsira mkaka, amenewo adzakhala makasitomala abwino koposa chifukwa adzalemba ntchito ana a m'mudzimo.

Banki yathu yaikulu ya Reserve idachenjeza kale mu 2019 kuti ndalama zimenezi si zovomerezeka ngati ndalama za dziko lino. Koma chenjezo lolembedwa m'Chingerezi, lotuluka kamodzi pa zaka zingapo, lingapikisane bwanji ndi anyamata ovala masuti amene akuchititsa misonkhano m'mahotela ndi kutumiza mauthenga pa WhatsApp usana ndi usiku? Ndikupempha akuluakulu a bankiyi, pamodzi ndi a polisi oona za chinyengo cha ndalama, kuti apite pa wailesi, alankhule m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zathu zina, anthu aziimba mafoni nkumafunsa. Auzeni anthu poyera kuti ndalama zikalowa mmenemo nkusowa, palibe ofesi ya boma imene idzawabwezere. Abusa ndi mashehe nawonso asamale ndi anthu opempha mphindi zisanu pambuyo pa mapemphero kuti afotokoze za "mwayi".

Kunena za mwana wa mlongo wanga uja, K400,000 sindinam'patse. Ndinamuuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo penshoni yanga ndi yokhayo ndatsala nayo. Anachoka atakwiya, osatsanzika bwino, ndipo amayi ake anandiimbira foni madzulo ake kundifunsa chifukwa chimene ndikum'tsekerezera mwana mwayi. Chimene chikundisowetsa tulo nchakuti ndamva kuti tsopano akunyengerera amayi akewo kuti akatenge ngongole ku banki m'khonde ya kumpingo kwawo, ndipo chikole chake akuti chikhale makina awo osokera, amene akhala akudyetsa banjalo chimwalirireni bambo ake. Mlongo wanga amawerenga tsamba lino sabata iliyonse, a Mkonzi, nchifukwa chake ndapempha kuti musaidule kalatayi.

Ine wanu,
Malume Wodandaula,
Chilomoni, Blantyre.